Kuika ndi kumanga bwino tayala la sipeya pa galimoto ya sports

Galimoto ya sports anaipangira liwiro ndi kugwira msewu pamakona, ndipo kuti zimenezi zitheke, opanga amachotsa chilichonse cholemera kapena chodya malo. Kawirikawiri choyamba kuchotsedwa ndi tayala la sipeya. Mazda MX-5 ya m'badwo woyamba ndi wachiwiri inkabwera ndi kasipeya kakang'ono m'buti, koma kuyambira m'badwo wachitatu, womwe unatuluka mu 2005, mwini wake amangopatsidwa botolo la mankhwala omatira ndi kapampu kamagetsi. Porsche 911 inasiya kunyamula sipeya pa mtundu wa 997 wa mu 2004, ndipo Chevrolet Corvette ya 1997 inabwera ndi matayala a run-flat, oyendabe ngakhale ataphwa, yopanda sipeya n'komwe. N'chifukwa chake eni galimotozi ambiri amachita kugula sipeya padera, kapena amadalira yakale yomwe anaipeza m'galimotomo koma palibe amene anaivekapo.

Mankhwala omatira aja amathandiza pa kabowo ka msomali pomwe tayala limaponda pansi. Likang'ambika m'mbali chifukwa cha dzenje, zomwe zimachitika kwambiri pa matayala opyapyala m'mbali a galimotozi, botololo silingakuthandizeni. Ine ndimalimbikitsa kunyamula sipeya pa ulendo wautali, koma sipeya yomwe munaiyesa kale ndi manja anu.

Yesani sipeyayo muli pakhomo

Sankhani tsiku lomwe simukupita kulikonse, imikani galimoto pasimenti posalala, ndipo gwirani ntchito yonse ngati tayala laphwadi. Pa galimoto wamba sipeya imangolowa, koma pa ya sports pali zingapo zomwe zingaikanize, ndipo simungazione sipeyayo ili chigonere m'buti.

Yambani ndi mabowo a limu. Manambala ngati 5x114.3 amatanthauza kuti mabowo ndi asanu, ndipo ali pa mzere wozungulira womwe m'mimba mwake ndi mamilimita 114.3. Honda S2000, Nissan 350Z ndi Ford Mustang za masiku ano zimagwiritsa ntchito muyeso umenewu. Toyota 86 ndi Subaru BRZ ndi 5x100, Porsche 911 ndi 5x130, pomwe MX-5 zoyambirira ndi 4x100. Samalani ndi miyeso yoyandikana, monga 5x112 ndi 5x114.3. Limu imaoneka ngati yalowa, manati n'kumangika, koma mabauti amakhala akupindidwa pang'onopang'ono ndipo angathyoke muli pa liwiro. Bowo lalikulu lapakati nalonso likwane bwino pa habu (chitsulo chomwe limu imamangidwapo), chifukwa ndilo limathandiza kuti limu ikhale pakatikati.

Kenako mabuleki, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwa nayo. Galimoto za sports zimakhala ndi madisiki akuluakulu ndi makalipa (zitsulo zopana disiki mukaponda buleki) otambalala, makamaka kutsogolo, monga aja a Brembo. Sipeya ya mainchesi 16 kapena 17 ikhoza kukwana kumbuyo koma kutsogolo n'kugunda kalipa. Ivekeni kutsogolo, imangeni, kenako izungulitseni ndi dzanja galimoto ili m'mwamba. Mukamva kukhula ngakhale pang'ono, sikukwana. Chitaninso chimodzimodzi kumbuyo, ndipo lembani zomwe mwapezazo pa kapepala koti kazikhala limodzi ndi jeke. Ngati galimoto inasinthidwa mabuleki n'kuikidwa akuluakulu, sipeya yomwe inabwera nayo musaikhulupirirenso mpaka mutaiyesa.

Yang'ananinso manati. Pomwe nati imakhudzana ndi limu pamakhala posongoka, pobulungira kapena pafulati, ndipo bowo la limu analisema kuti ligwirizane ndi mtundu umodzi wokha. Nati yolakwika imagwira pakamzere kochepa n'kumamasuka yokha. Galimoto zambiri za ku Germany monga BMW, Porsche, Audi ndi Mercedes-Benz zimagwiritsa ntchito mabauti olowa mu habu m'malo mwa manati. Pamenepa kutalika kwa bauti kuli ndi ntchito: limu ya sipeya ikakhala yachitsulo chopyapyala, bauti ya limu ya aloyi imatha kulowa kwambiri n'kukagunda zam'kati mwa buleki. Magalimoto ena amabwera ndi mabauti afupiafupi apadera a sipeya. Ngati yanu ili m'gulu limeneli, asungeni m'kathumba pamodzi ndi sipeyayo.

Mpweya. Kasipeya kopyapyala, komwe saizi yake imayamba ndi T, monga T125/70D17, kamafuna mpweya wambiri, nthawi zambiri 420 kPa, yomwe ndi 60 psi kapena 4.2 bar. Umenewu ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri mpweya wa tayala wamba, ndipo poti kasipeyako n'kakang'ono m'kati mwake, kakataya pang'ono kamafooka msanga. Kayezeni mwezi uliwonse. Palinso sipeya yopindika, monga Vredestein Space Master yomwe inkabwera mu Porsche 911 zakale, yomwe imasungidwa yopanda mpweya. Imeneyo ndi yachabechabe ngati kompuresa yake yafa, choncho kompuresayo muiyatse muone ngati ikupopa.

Zaka za tayala zalembedwa m'mbali mwake, pa manambala anayi omaliza a chizindikiro cha DOT: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Raba imakalamba ngakhale isanagunde msewu. Sipeya ikakwanitsa zaka 10, kapena ikayamba timing'alu m'mbali, isinthidwe ngakhale mapazi ake akuoneka atsopano.

Chomaliza pakhomopo ndi zida. Galimoto zimenezi ndi zotsika kale, ndipo tayala likaphwa zimatsikanso masentimita angapo, moti jeke yomwe imalowa bwinobwino lero ikhoza kukanika tsiku la vuto. Nyamulani kathabwa kolimba, kochindikala masentimita atatu kapena anayi, koti mukwezepo tayala lophwalo kuti jeke ipeze mpata. Muonetsetse kuti sipanala ikukwana manati anu, makamaka ngati malimu anasinthidwa, poti mabowo a malimu ena ndi opanikiza ndipo amafuna soketi yopyapyala. Kiyi ya manati oletsa kuba ikhale malo amodzi odziwika. Onjezerani magolovesi, tochi, thirayango, geji ya mpweya ndi thumba lalikulu lapulasitiki kapena chinsalu chakale.

Kuimanga m'galimoto

Ngati galimoto ili ndi dzenje la sipeya, ntchito ndi yochepa. Pakati pa dzenjelo pamakhala bauti yaitali yokhala ndi nati ya mapiko kapena chimbale chotsendereza limu. Gonekani sipeya momwe buku la galimoto likusonyezera, mangani ndi dzanja mpaka italimba, kenako igwedezeni ndi manja awiri. Isasunthe. Yang'anani ngati chitsulo chomwe bautiyo imalowamo sichinadyedwe ndi dzimbiri, chifukwa madzi amakonda kudikha m'dzenjemo. Ngati mapangidwe ake akulola, valavu iyang'ane m'mwamba kuti muziyeza mpweya osatulutsa tayala lonse.

Vuto lenileni lili pa galimoto zomwe zilibe malo a sipeya. Ambiri amangoiponya m'buti n'kuitsamiritsa ndi zikwama. Pa ngozi yogundana, galimoto imaima mwadzidzidzi kwambiri moti katundu wosamangidwa amakankha ndi mphamvu yofika ka 20 kapena kuposa kulemera kwake. Tayala la makilogalamu 15 limasanduka la makilogalamu 300, ndipo mu galimoto yomwe buti yake ndi yolumikizana ndi mokhala anthu, palibe chotchinga pakati pa tayalalo ndi mitu yanu. Ngakhale popanda ngozi, sipeya yoyendayenda pamakona imaphwanya zotchingira za m'buti ndi kubunyula bodi kuchokera m'kati.

Igonekeni pansi penipeni, pakatikati pa galimoto momwe mungathere, itagundizana ndi khoma lakumbuyo kwa mipando kuti isakhale ndi danga lothamangira kutsogolo. Pansi pake yalani kapeti ya raba. Gwiritsani ntchito malamba awiri a ratchet, odutsa m'mipata ya limu, opingasana, ndipo nsonga zake zikole pa mphete zachitsulo zomangidwa ku bodi. Zingwe za mphira zokoweka zija sizimanga kanthu pamenepa: zimatamuka nthawi yomwe mukuzifuna kwambiri. Zokowekera zikwama zapulasitiki nazonso sizinapangidwire katundu wolemera chonchi.

Ngati mulibe mphete zachitsulo, pezani mabauti olimba omwe alipo kale pa bodi kuti muikepo mphete. Musafulumire kuboola pansi pa buti musanaone zomwe zili kunsi kwake, poti kumeneko kumatha kukhala thanki ya mafuta, mapaipi ake kapena mawaya. Magalimoto ambiri a mtunduwu, kuphatikizapo BMW ndi MX-5 zoyambirira, ali ndi batire m'buti, choncho limu, jeke kapena sipanala zisayandikire mitu ya batire. Pa galimoto yotsegula denga, tsitsani dengalo pang'onopang'ono sipeya ili m'malo, muone ngati silikugunda. Jeke ndi sipanala muzikulunge m'nsalu n'kuzimanga m'mimba mwa limu kapena pamalo ake enieni.

Tayala likaphwa pamsewu

Musaponde buleki mwamphamvu. Gwirani chiwongolero ndi manja onse, chotsani phazi pa mafuta, yatsani mahazadi, ndipo pitani pang'onopang'ono mpaka mupeze malo olimba, osatsetsereka, otalikirako ndi magalimoto odutsa. Kuyenda mamita ochepa pa tayala lophwa kungawononge limu, koma limu imagulidwa. Ngati tayala lophwalo lili mbali yomwe kukudutsa magalimoto ndipo palibe mpata wokwanira, musagwade pamenepo. Itanani galimoto yafulati yonyamula zinzake.

Kokani handibuleki, ikani giya yoyamba kapena P, zimitsani injini, anthu onse atsike ndipo aime kutali ndi msewu. Ikani thirayango kumbuyo pa mtunda womwe malamulo a komwe muliko amanena. Tsekerezani tayala lomwe lapingasana ndi lomwe mukukweza, kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Izi n'zofunika kwambiri mukamakweza kumbuyo, chifukwa handibuleki imagwira matayala akumbuyo okha, ndipo pa galimoto yokoka ndi kumbuyo giya nayonso imagwira omwewo. Kumbukiraninso kuti ngati mumathamanga, madisiki ndi malimu amakhala otentha moti angakuwaulenitu.

Musanamasule nati ngakhale imodzi, ganizani kaye komwe sipeyayo ikupita. Galimoto zambiri za sports zimakoka ndi matayala akumbuyo ndipo zili ndi difu (chida chogawira mphamvu ya injini ku matayala awiriwo) ya mtundu wa limited-slip, yomwe ntchito yake ndi kukaniza tayala limodzi kuzungulira mofulumira kuposa linzake. Sipeya ikakhala yaifupi kuposa tayala la mbali inayo, imazungulira kambiri pa mtunda womwewo, ndiye difu imalimbana nayo ulendo wonse, n'kumatentha ndi kudyeka. Buku la Honda S2000 limanena mosabisa kuti kasipeya kasaikidwe kumbuyo: tayala lakumbuyo likaphwa, chotsani lakutsogolo la mbali yomweyo, liikeni kumbuyo, ndipo sipeya ipite kutsogolo. Ndi ntchito yowirikiza, koma difu ndi yodula kwambiri kuyerekeza ndi nthawi imene mungataye. Ndi jeke imodzi, yambani kutsogolo: kwezani, chotsani tayala labwino, vekani sipeya, tsitsani, kenako pitani kumbuyo. Kusasintha mbali kumathandizanso pa matayala okhala ndi muvi wosonyeza komwe ayenera kuzungulirira, chifukwa muviwo umakhalabe ukuloza kutsogolo.

Si galimoto iliyonse imalola zimenezi. Pa zina sipeya siidutsa kalipa yakutsogolo, pa zina limu yakutsogolo siyenera kupita kumbuyo, ndipo zokoka ndi matayala onse anayi zili ndi malamulo akeake. Buku la galimoto yanu ndi kapepala kanu ka zomwe munayesa ndi zomwe zigamule.

Tsopano masulani manati galimoto idakali pansi, theka la mzungulo basi, mozungulira chakumanzere. Yambani ndi nati yoletsa kuba, poti kiyi yake ndi yosalimba ndipo imavutika ikatsala yokha. Kanikizani sipanala ndi manja mokhazikika, mukuonetsetsa kuti yalowa yonse, osaidumphira.

Pezani malo oikira jeke. Pa magalimoto a ku Japan kawirikawiri ndi pa msoko wachitsulo wa kunsi kwa zitseko, pakati pa timipata tiwiri tosemedwa. Pa BMW pali timabokosi tapulasitiki yolimba, ndipo pa Porsche ndi Corvette pali mabowo omwe amafuna kachidutswa kapadera kokhala pakati pa jeke ndi bodi. Gwadani muone ndi tochi, musangopapasa. Zovala zapulasitiki za m'mbali, sampu ya oyilo ndi mikono ya sasipenshoni si malo a jeke. Pansi pakakhala pofewa, ikani thabwa lotambalala kunsi kwa jekeyo. Kwezani pang'onopang'ono mukuyang'ana ngati jeke ili chilili, ndipo ikayamba kupendekeka tsitsani muyambirenso. Ikwezeni mokwanira kuti tayala lodzaza mpweya lilowe, osati lophwalo lokha lituluke. Mpata ukapezeka, gonekani tayala limodzi kunsi kwa bodi pafupi ndi jeke kuti galimoto ikagwa igwere pamenepo. Mwendo, mkono kapena mutu zisalowe kunsi ngakhale kamphindi.

Malizani kumasula manati, yakumwamba ikhale yomaliza, ndipo kokani tayala molunjika kwa inu. Limu ya aloyi nthawi zina imamatirira ku habu chifukwa cha dzimbiri. Zikatero bwezeranipo manati awiri mosalimbitsa, menyani m'mbali mwa tayala ndi chikhatho kapena chidendene mosinthasintha mbali, mofatsa kuti galimoto isagwedezeke pa jeke. Pa galimoto za mabauti, bauti yomaliza ikangochoka limu imagwa, ndipo ikagunda disiki ya carbon-ceramic imatha kuibenthula. Pali kachitsulo kautali kolowetsa m'bowo limodzi la habu kuti limu izitsetsereka pamenepo potuluka ndi polowa. Ngati mabuleki anu ndi amenewa, kachitsuloko kasasowe m'galimoto. Limu yochotsedwayo muigoneke nkhope yake itayang'ana m'mwamba kuti isakalike.

Pukutani nkhope ya habu ndi kumbuyo kwa limu ya sipeya. Kamchenga kapena dzimbiri zikatsala pakati, limu siikhala mowongoka ndipo manati amadzamasuka zinyalalazo zikaperepeseka. Vekani sipeya valavu itayang'ana kunja, ndipo lowetsani manati onse ndi zala. Nati ikalimba isanazungulire kangapo ndiye kuti yalowa mopingasa, ibwezeni musanaononge mazinga. Osapaka girisi kapena oyilo pa mazingawo, chifukwa muyeso womwe opanga amapereka ndi wa mazinga ouma, ndipo onyowa amachititsa kuti mulimbitse mopyola mpaka bauti kutamuka. Ngati sipeya ndi yopindika ija, ipopeni tsopano, ili pa galimoto koma isanagunde pansi, mpaka mpweya wolembedwa pa limu yake kapena m'buku.

Limbitsani pang'ono ndi sipanala modumphadumpha, kuchoka pa nati imodzi kupita pa yoyang'anizana nayo ngati mukujambula nyenyezi, kuti limu ikhale mofanana mbali zonse. Chotsani tayala lomwe munaligoneka kunsi, tsitsani galimoto, kenako malizani kulimbitsa mwa dongosolo lomwelo, nati yoletsa kuba pomaliza. Muyeso wa kalimbitsidwe ka manati, womwe umalembedwa mu Nm, umasiyana: S2000 imafuna 108 Nm, Toyota 86 imafuna 120 Nm, BMW zambiri 120 kapena 140 Nm malinga ndi kukula kwa bauti, Porsche 911 zakale 130 Nm ndipo kuyambira pa mtundu wa 991 ndi 160 Nm. Torque wrench, sipanala yoyeza kalimbitsidwe ka nati, ndiyo imatsimikiza. Ngati mulibe, limbitsani ndi mphamvu ya manja pa sipanala yomwe inabwera ndi galimoto, osaiponda ndi phazi kapena kuionjezera paipi, ndipo mukayezetse pamalo oyamba okonzera matayala. Malimu a nati imodzi yaikulu yapakati, monga a Porsche 911 GT3, amafuna 600 Nm ndi chida chake chachitali, ndipo imeneyo si ntchito ya m'mbali mwa msewu.

Nanga lophwalo lipita kuti?

Funso limeneli ambiri amalikumbukira tayala lili kale m'manja. Tayala lakumbuyo la mamilimita 275 kapena 295 m'lifupi silingalowe m'dzenje lomwe munali kasipeya ka mamilimita 125, ndipo pa galimoto zina silidutsa n'komwe pakamwa pa buti. N'chifukwa chake tsiku loyesa lija muyesenso kulowetsa tayala lalikululo. Likalowa m'buti, limangeni ndi malamba omwe aja. Likakana, likulungeni m'thumba kapena m'chinsalu kuti fumbi la mabuleki lisadetse mpando, bwezani mpando wa pasenja kumbuyo, liimikeni pamenepo, ndipo dutsitsani lamba wa mpando m'mipata ya limu n'kumanga. Munthu asalinyamule pamiyendo galimoto ikuyenda. Ngati muli awiri m'galimoto ya mipando iwiri ndipo buti yakana, mmodzi adikire pamalo otetezeka kapena muitane thandizo.

Kuyenda pa sipeya

Malire a kasipeya kopyapyala ndi makilomita 80 pa ola, ndipo amalembedwa pa limu kapena pa tayala lenilenilo. Mtunda nawonso ukhale waufupi, wongokufikitsani kokonzetsa, monga buku lanu likunenera. Galimoto yomwe munazolowera kuti imamata pamsewu tsopano ili ndi ngodya imodzi yoponda pansi ndi raba yochepera theka, choncho imachedwa kuima, imaterereka msanga pamakona, ndipo mvula ikagwa zimanyanya. Siyani mpata waukulu ndi galimoto yakutsogolo, nyamukani mofatsa, ndipo musayatse batani la Sport kapena kuzimitsa makina othandiza kuti galimoto isaterereke. Getsi la mpweya wa matayala likhoza kuyaka chifukwa sipeya zambiri zilibe sensa, ndipo la ABS (makina oletsa matayala kuloka mukaponda buleki) kapena la kuterereka limatha kuphethira poona tayala limodzi likuzungulira mosiyana ndi anzake. Mukayenda makilomita ochepa, imani pamalo abwino, yesaninso manati ndi kugwedeza katundu yemwe mwamanga. Masipeya awiri opyapyala saikidwa pa galimoto imodzi nthawi imodzi.

Kokonzetsako, pemphani kuti achotse tayala pa limu aone m'kati. Bowo la pomwe limaponda pansi limamatika ndi chigamba cham'kati, koma la m'mbali silimatidwa, ndipo tayala lomwe layenda lili lophwa limatha kukhala litanyenyeka m'kati pomwe kunja likuoneka labwino. Mukamagula latsopano, chilembo cha liwiro chisatsike pa chomwe opanga anaika: W ndi makilomita 270 pa ola, Y ndi 300. Ngati la mbali inayo ladyeka kwambiri, gulani awiri, chifukwa latsopano ndi lakutha pa ekiselo imodzi amasiyana msinkhu ndi kagwiridwe ka msewu. Akamaliza kumanga ndi mfuti ya mpweya, aumirireni kuti amalize ndi torque wrench pa muyeso wa galimoto yanu, ndipo inuyo mudzayezenso manatiwo mukayenda makilomita 50 mpaka 100.